Motorhome ikuyendayenda pamsewu: yambani ndi sikelo ndi matayala, zogula zibwere pambuyo

Dandaulo la oyendetsa motorhome silisintha. Munthu wagula motorhome, galimoto yokhala ndi nyumba yogonamo ndi kuphikiramo, kapena wabwereka yoti apite nayo kutchuthi ndi banja, ndipo akangolowa mumsewu waukulu manja amauma pachiwongolero. Thiraki ikamupitirira, galimoto imakankhidwira kumbali. Pakhona nyumba yonse imapendama, makapu n'kumalira m'makabati. Akamafika kokagona mapewa amakhala akuwawa. Akafunsa anzake, yankho limabwera mwachangu: gulani air suspension (matumba a mpweya othandizira kunyamula galimoto), ikani mashoko odula, onjezerani anti-roll bar yonenepa (chitsulo chochepetsa kupendama pakhona).

Zida zimenezo zimathandizadi, koma malo ake ndi kumapeto. Mavuto ambiri a kayendedwe ka motorhome amachokera ku zinthu zitatu, motsatana motere: katundu wochuluka kapena woikidwa polakwika, mpweya wolakwika m'matayala, ndi zitsulo zakutha kunsi kwa galimoto. Ziwiri zoyambazo sizifuna ndalama zambiri. Kuika chida chatsopano pa galimoto yolemedwa kumbuyo n'kungobisa vuto, pamene tayala lolemedwalo likupitiriza kutentha.

Malangizowa ndi a motorhome zomangidwa pa chasisi cha vani, zimene zafala ku Britain, ku Ulaya konse ndi ku South Africa: Fiat Ducato ndi abale ake Peugeot Boxer ndi Citroën Relay, komanso Mercedes Sprinter, Ford Transit ndi Iveco Daily.

## Musanakhudze sipanala: kachitsulo ndi sikelo

Pansi pa boneti kapena pakhomo la dalaivala pali kachitsulo kolembedwa nambala ya chasisi. Pansi pa nambalayo pali manambala anayi a makilogalamu:

- loyamba ndi kulemera kwa galimoto yonse kumene simuyenera kupyola
- lachiwiri ndi galimoto pamodzi ndi ngolo
- lachitatu, limene patsogolo pake pali 1, ndi malire a ekiselo yakutsogolo
- lachinayi, limene patsogolo pake pali 2, ndi malire a ekiselo yakumbuyo

Kampani imene inamanga nyumbayo nthawi zambiri imaika kachitsulo kake kachiwiri. Tsatirani komalizako. Pa Ducato yopepuka ya makilogalamu 3,500 kawirikawiri mupeza 1,850 kutsogolo ndi 2,000 kumbuyo, koma werengani zanu, musadalire za mnzanu.

Kenako pitani kusikelo ya magalimoto mutapakira ndendende ngati mukunyamuka ulendo: anthu onse, madzi, dizilo, gasi, chakudya, njinga. Ikani matayala akutsogolo okha pasikelo, kenako galimoto yonse, kenako akumbuyo okha. Ku Britain malo a sikelo zimene aliyense angagwiritse ntchito amapezeka pa gov.uk. Ku South Africa funsani kumalo ogula zitsulo zakale, ophwanya miyala kapena osungira mbewu, ambiri amalola mukalipira kangachepe.

Ambiri amadabwa akaona pepala la sikelo, ndipo chifukwa chake chilipo. Kulemera kumene kumalembedwa m'kabuku ka ogulitsa kumawerengera dalaivala mmodzi wa makilogalamu 75 ndi zinthu zochepa chabe, ndipo malamulo a ku Ulaya amalola kuti galimoto yeniyeni isiyane ndi nambalayo ndi 5 peresenti. Pa galimoto ya makilogalamu 3,000, amenewo ndi makilogalamu 150 amene angasowe musanaikemo ngakhale supuni. Onjezerani chitenti cha m'mbali, masola, batire lachiwiri ndi chonyamulira njinga zimene mwini wake woyamba anamangirira. Madzi nawo sanama: lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 100 ikadzaza mwakweza munthu wina wamkulu wonenepa.

N'zotheka kukhala pansi pa malire a galimoto yonse koma mutapyola a ekiselo yakumbuyo. Zimenezi ndizo zimachitika kwambiri, ndipo apolisi a pamsewu amaziwerengera ngati kudzaza mopyola muyeso. Palinso nkhani ya layisensi: ya gulu B, ku Britain ndi ku South Africa komwe, imalekeza pa makilogalamu 3,500. Ku Britain amene anakhoza mayeso pasanafike pa 1 January 1997 ndi amene anapatsidwa layisensi ya C1 yofika makilogalamu 7,500 popanda mayeso ena.

Sungani pepalalo. Mulifuna pafupifupi pachizindikiro chilichonse chili m'munsimu.

## Chizindikiro 1: galimoto ikuyendayenda yokha, chiwongolero chapepuka

Msewu ndi woongoka, mphepo kulibe, koma mukungokhalira kuwongola: pang'ono kumanja, pang'ono kumanzere. Ili ndi dandaulo lalikulu kuposa onse.

Katundu wachuluka kuseri kwa matayala akumbuyo. Aliyense amene anakwerapo minibasi yomangiriridwa matumba a chimanga kuchitseko chakumbuyo amadziwa mmene mphuno yake imadzukira. Motorhome imachita chimodzimodzi, ndipo mchira wake ndi wautali kwambiri. Ducato yaitali ili ndi mamita 4.035 pakati pa ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo. Mukaika kanjinga kamoto ndi chonyamulira chake, makilogalamu 100 onse pamodzi, mamita 2 kuseri kwa ekiselo yakumbuyo, ekiseloyo imalandira makilogalamu pafupifupi 150, ndipo kutsogolo kumachoka pafupifupi 50. Pa Ducato, Boxer ndi Relay matayala akutsogolo ndi amene amawongolera, amakoka, ndiponso amagwira ntchito yaikulu ya mabuleki. Kuwapeputsa n'kulakwira zinthu zitatu nthawi imodzi.

- Onani: pepala la sikelo. Imani patali n'kuyang'ana galimoto cham'mbali ngati yakhalira kumbuyo.
- Konzani: zolemera monga zitini, mabotolo, zipangizo ndi mabatire ziikeni pansi, pakati pa maekiselo awiri. M'chipinda chakumbuyo muzikhala mipando yopinda ndi zofunda. Ngati thanki ya madzi ili kumchira, yendani ndi madzi ochepa, mukadzaze mukafika.

Mpweya wa m'matayala. Wochepa umafewetsa mbali za tayala, galimoto n'kumasambira pamwamba pake. Wochuluka kwambiri kutsogolo umachepetsa gawo logunda phula, ndipo chiwongolero chimakhala chamantha, chotsatira kamzere kalikonse ka pamsewu.

- Yezani matayala ali ozizira, m'mawa galimoto isanayende. Tayala lotentha limaonetsa mpweya wambiri, ndipo musauphwetse poganiza kuti wachuluka.
- Werengani pambali pa tayala. Chilembo C ndi tayala la vani, CP ndi lopangidwira motorhome. Pa matayala a CP, bungwe la ETRTO limene limaika miyezo ya matayala ku Ulaya limalangiza 5.5 bar kumbuyo ngati kuli tayala limodzi mbali iliyonse. Imeneyo ndi 80 psi, kapena 550 kPa pa mageji a ku South Africa.
- Kutsogolo mpweya woyenera umadalira kulemera kwenikweni kwa ekiselo. Tumizani manambala a sikelo ndi saizi ya tayala ku kampani yopanga matayalawo, akupatsani nambala yake. Poyembekezera yankho, tsatirani chomata cha pakhomo chonena za mpweya wa matayala. Musatsitse mongoganizira.
- Mpweya wokwera chonchi umafuna mavalavu achitsulo. A mphira wamba a galimoto zazing'ono sanapangidwire 5.5 bar.
- Amene mwaphwetsako matayala kuti mudutse mumchenga kapena pamsewu wa miyala, monga zimakhalira ku Namibia ndi ku Botswana, popaninso musanabwerere paphula.

Matayala olakwika kapena okalamba. Nambala ya pafupi ndi saizi imanena katundu amene tayala limodzi linganyamule: 109 ndi makilogalamu 1,030, 112 ndi 1,120, 116 ndi 1,250. Awiri a 109 akukwanira ekiselo ya 2,000 ndi kampata kakang'ono kwambiri, choncho mukadzaza mopyola, kampatako kathera pomwepo. Musasakanize mitundu ya matayala pa ekiselo imodzi. Zaka zake zili pa manambala anayi omaliza a mzere woyamba ndi zilembo DOT pambali pa tayala: 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Matayala a motorhome samatha mano, amaola ataima padzuwa. Akakwana zaka 5 aziyenderedwa ndi wodziwa chaka chilichonse, ndipo asapyole zaka 10 ngakhale mano akuoneka atsopano. Ming'alu ya m'mbali ikayamba, ine sindidikira zaka 10 zimenezo.

Alayimenti. Dzenje limodzi lalikulu kapena kugunda m'mphepete mwa msewu n'kokwanira. Sisitani dzanja pamwamba pa tayala lakutsogolo: ngati mano akuthwa mbali imodzi, kapena m'mphepete mmodzi mwadyeka kwambiri, alayimenti yachoka. Kaipangitseni kumalo amene ali ndi makina okwana galimoto yaitali, ndipo mupite mutapakira monga mumayendera masiku onse.

Zitsulo zakutha. Matayirodi, mabolojointi, mabushi a mikono yakutsogolo, mabering'i. Galimoto itaima, injini ikulira, wina agwedeze chiwongolero pang'onopang'ono inu mukuyang'ana tayala. Chiwongolero chikamayenda tayala lili chete, kapena mukamva kugogoda, pasatsale zokambirana. Imeneyo ndi ntchito ya makaniko, ndipo ulendo udikire.

## Chizindikiro 2: thiraki kapena mphepo ikukukankhani

Apa tiyambe tavomereza zoona: motorhome ya mamita 7 m'litali ndi 3 kupita m'mwamba ili ndi khoma la masikweya mita pafupifupi 20. Palibe chida chimene chingachotse khomalo. Kukankhidwa pang'ono n'kwachibadwa. Vuto ndi pamene galimoto ikutuluka mumzere wake, kapena ikupitiriza kugwedeza mchira thiraki itapita kale.

Zimathandiza kudziwa zimene zikuchitika. Thiraki ikamakupitirirani, mphepo ya kumphuno kwake imayamba kugunda mchira wanu, ndipo kutsogolo kwanu kumatembenukira kuthirakiko. Kenako mphepoyo imafika kutsogolo n'kukukankhirani kunja. Pomaliza imakukokerani mkati. Dalaivala wosazolowera amalimbana ndi zitatu zonsezi mwamphamvu, ndipo nthawi zonse amachedwa pang'ono, mwakuti iye mwini ndi amene amakuza kugwedezekako.

Zoyambitsa, kuyambira yofala kwambiri:

1. Liwiro. Mphamvu ya mphepo imakula mofulumira kuposa liwiro. Kuchoka pa makilomita 80 paola kufika pa 110, kulimbana kwa galimoto ndi mphepo kumatsala pang'ono kuwirikiza kawiri, pamene nthawi yoti muwongole ikuchepa. Ambiri amapeza mtendere pakati pa 85 ndi 95. Ku Britain kumbukiraninso kuti motorhome yolemera kupyola matani 3.05 isanapakiridwe imaloledwa 50 mph (mamailosi paola) pamsewu wa mbali ziwiri wosagawidwa, 60 mph pa wogawidwa pakati, ndi 70 mph pa motorway.
2. Mpweya wochepa kumbuyo ndi katundu wa kumchira. Bwererani ku chizindikiro 1.
3. Kagwiridwe ka chiwongolero. Manja onse awiri, osaumitsa. Muziyang'ana pagalasi kuti thiraki isakudzidzimutseni, sunthirani pang'ono kumbali m'kati mwa mzere wanu, phazi likhale pomwe lili. Osaponda buleki ili pambali panu.
4. Mashoko akumbuyo otopa ndi mabushi a masipuring'i odyeka, amene amalola nyumba kusuntha cham'mbali pamwamba pa ekiselo.
5. Za padenga. Bokosi, bwato, makina oziziritsa: zonsezi zimawonjezera khoma ndi kulemera pamalo oipitsitsa.

Mphepo ya m'mbali imaopsa kwambiri pamene ikubwera mwadzidzidzi: potuluka kuseri kwa mitengo kapena phiri, pamlatho, kapena mutangomaliza kupitirira thiraki imene inakutchingani. Ku Britain mlatho wa Severn wa M48 umatsekedwa kukakhala mphepo yamkuntho, ndipo msewu wa M62 podutsa mapiri a Pennines imadziwika nazo. Ku Cape, ku South Africa, mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ya nyengo yotentha imavutitsa magalimoto ataliatali pa N2 cha ku Sir Lowry's Pass. Sprinter za kuyambira 2013 zinayamba kubwera ndi Crosswind Assist, imene imagwira mabuleki a mbali imodzi yokha mukapyola makilomita 80 paola. Imathandiza, koma siisintha nyengo. Zikwangwani zikachenjeza magalimoto ataliatali, akunena inuyo. Khitchini muli nayo, bedi muli nalo: imani pamalo otchingidwa, mphuno italoza kumene mphepo ikuchokera, mudikire.

## Chizindikiro 3: ikupendama kwambiri pakhona ndi pa raundabauti

- Zolemera zili m'mwamba. Makabati a pamwamba ndi a zovala ndi buledi, osati mabuku, mapoto achitsulo kapena mabotolo. Bedi la pamwamba pa dalaivala lisasanduke nkhokwe.
- Madzi akukhuthukira mbali ndi mbali. Thanki yofika theka imagwedeza kuposa yodzaza kapena yopanda kanthu, chifukwa madziwo amathamangira kunja kwa khona panthawi imene simukuwafuna. Thanki ya madzi akuda ikhuthuleni pamalo ovomerezeka musananyamuke.
- Mbali imodzi yalemera. Khitchini, firiji, gasi ndi mabatire zikakhala mbali imodzi, galimoto imapendama kwambiri khona lina kuposa linzake. Pamalo athyathyathya yezani ndi tepi kuchoka pansi kufika pamwamba pa khomo la tayala, kumanja ndi kumanzere. Zikasiyana moonekeratu, sunthani katundu, muyezenso. Zikapanda kusintha, kayikirani sipuring'i.
- Timikono ndi mabushi a anti-roll bar. Tikatha mumamva kugogoda pamsewu wa mabampu ang'onoang'ono. Kamodzi kakathyoka, chitsulo chonsecho chimasiya ntchito. N'zotsika mtengo, ndipo amakaniko amazisintha mosavuta.
- Mashoko. Sachepetsa kupendama pakhona lalitali, koma amaletsa nyumba kugwera kumbali mwadzidzidzi mukangokhota.
- Galimoto ina ilibe anti-roll bar kumbuyo. Suzumirani. Ngati ilibe ndipo zonse za pamwambazi zili bwino, apa ndi pamene kugula kumakhala ndi nzeru.

Buleki pondani musanafike pakhona, msewu ukadali woongoka. Kuponda muli m'kati mwa khona kumakankhira kulemera kochuluka pa tayala limodzi lakutsogolo.

## Chizindikiro 4: ikudumphadumpha, kapena kumbuyo kukugunda

Mukadutsa bampu kapena polumikizira mlatho, galimoto yabwino imatsika, kukwera, n'kukhazikika. Ikapitiriza kuwerama ndi kudzuka kangapo, woyamba kumukayikira ndi mashoko. Njira yakale yokankha galimoto ndi manja n'kuona ngati ikudumpha siigwira pa chinthu cha matani atatu ndi theka. M'malo mwake yang'anani mafuta otsika pathupi la shoko, mphira zong'ambika kumapeto kwake, ndi mano a tayala odyeka mwa zigambazigamba. Mashoko amasinthidwa awiriawiri pa ekiselo imodzi. Kumbukirani kuti vani yonyamula katundu imapumako ikatsitsa, pamene motorhome imakhala yolemedwa moyo wake wonse, ngakhale itaima pakhomo. Mashoko ndi masipuring'i ake amatopa makilomita akadali ochepa.

Kugunda kwamphamvu kumbuyo kumachokera ku izi:

- Kudzaza mopyola malire a ekiselo yakumbuyo.
- Masipuring'i ofooka. Ayenera kuoneka opindikira m'mwamba kumapeto kwake. Akapindikira kwina, kapena tsamba limodzi likathyoka, atha.
- Mphira zotchinga za pakati pa chasisi ndi ekiselo. Pa Ducato zinapangidwa kuti zizithandiza sipuring'i, choncho kuziona zitayandikira kapena kukhudza pang'ono galimoto itapakiridwa si zachilendo. Zikaphwanyika, kung'ambika kapena kugwa, zisintheni.
- Chasisi cha AL-KO. Motorhome zambiri za ku Ulaya zili ndi mutu wa Fiat koma kumbuyo kwake ndi kwa kampani ya AL-KO, kopanda masipuring'i a masamba, koyendera zitsulo zopotoka za m'kati mwa ekiselo. Ngati ekiseloyo ili ndi timabowo topopera girisi, imafuna girisi chaka chilichonse, matayala akumbuyo atanyamulidwa kuti asagunde pansi. Magalaja ambiri a mavani amaiwala, choncho muziwakumbutsa. Ikauma imalira, imalimba, kenako imakhalira pansi, ndipo kukonza kwake n'kodula.

Ngati galimoto ikungogwedeza mano anu pamsewu wabwinobwino, osadumpha, onani ngati kutsogolo simunapope mpweya wofanana ndi wakumbuyo popanda chifukwa.

## Chizindikiro 5: kunjenjemera

Funso ndi lakuti kukubwera liti.

- Pa liwiro lina lake, kawirikawiri pakati pa 80 ndi 110, kumveka pachiwongolero: balansi ya matayala akutsogolo. Kukamveka pampando ndi pansi, ndi akumbuyo. Matope ouma m'kati mwa rimu amachitanso zomwezo.
- Makilomita oyamba galimoto itakhala miyezi osayenda: matayala aphwatalala pamene anakhalira. Kumatha akatenthedwa. Kukapanda kutha, apiteni nawo akaonedwe. Popewa, muziisuntha galimoto mwezi uliwonse.
- Poponda buleki pokha: madisiki apindika kapena achita dzimbiri mosiyanasiyana.
- Poponda mafuta, makamaka pachitunda, n'kusiya mukachotsa phazi: pa galimoto zokoka ndi matayala akutsogolo ndi CV joint yam'kati (mfundo ya chitsulo chozunguza tayala), pa zokoka ndi akumbuyo ndi propshaft (chitsulo chachitali chopititsa mphamvu ya injini kumbuyo).
- Kwayamba mwadzidzidzi ndipo kukukula: imani msanga pamalo otetezeka. Likhoza kukhala tayala limene likufuna kusupuka, lotupa chithuza, kapena manati omasuka.

Tayala likachotsedwa n'kubwezeredwa, manati amangidwe ndi sipanala yoyeza mphamvu molingana ndi buku la galimoto, ndipo muwayesenso mutayenda makilomita pafupifupi 50.

## Chizindikiro 6: ikukokera mbali imodzi

Yambani ndi geji, chifukwa tayala limodzi lochepa mpweya ndilo limakhala lolakwa nthawi zambiri. Kenako ganizirani msewu: unapangidwa motsetsereka kuti madzi azitsika, ndiye kukokera pang'ono kumphepete n'kwachibadwa. Yesani pamalo athyathyathya. Zikapitirira, ndi alayimenti, katundu wa mbali imodzi, kapena buleki yogwira.

Buleki yogwira ndi matenda a galimoto zoima nthawi yaitali. Kalipa imachita dzimbiri n'kusiya kubwerera. Mutayenda makilomita angapo, yandikizani dzanja pa rimu iliyonse osakhudza. Imodzi ikatentha kuposa zinzake, kapena ikamanunkha chopserera, ndi imeneyo. Kukoka kumene kukubwera poponda buleki pokha ndi vuto la mabuleki mpaka makaniko atanena zina.

Pamtsetse wautali tsikani ndi giya yotsika, injini izigwira galimoto, buleki muziponda mwamphamvu pang'ono n'kusiya. Kukhazika phazi pabuleki mtsetse wonse kumatenthetsa mapadi ndi mafuta ake mpaka buleki imalowa pansi osagwira. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyontho, n'chifukwa chake makampani ambiri amati asinthidwe zaka 2 zilizonse, ngakhale galimoto isanayende kwambiri.

## Ngati mukukoka ngolo

Ngolo yogwedeza mchira imakhala kuti katundu wake wakhalira kumbuyo, yachepa mpweya, kapena mwathamanga. Gawo laling'ono la kulemera kwake, pafupifupi 5 mpaka 7 peresenti, liyenera kutsamira pachokokera, osapyola malire olembedwa pachokokerapo. Kulemera kumeneko kumakhala kumapeto kwenikweni kwa mchira, ndiye masamu a chizindikiro 1 akugwiranso ntchito. Ikayamba kugwedezeka, chotsani phazi pamafuta pang'onopang'ono, chiwongolero chikhale choongoka. Musawonjezere liwiro poganiza kuti iwongoka.

## Zonse zili bwino koma simukukhutirabe: zogula

Mwayeza, mwasuntha katundu, matayala ali bwino, makaniko wanena kuti kunsi kulibe chakutha. Tsopano ndalama zikhoza kugwira ntchito.

- Matumba a mpweya othandizira kumbuyo, monga a Dunlop, VB-Airsuspension kapena Goldschmitt. Amadzutsa mchira wokhalira pansi ndipo amachepetsa kupendama ndi kukankhidwa ndi mathiraki. Sankhani amene mbali iliyonse ili ndi paipi yakeyake, chifukwa matumba olumikizana amapatsirana mpweya pakhona. Mwa zogula zonse, ichi ndi chimene ndimaona kuti eni Ducato amachimva kusintha kwake msanga.
- Mashoko opangidwira motorhome, ngati akale atopa kale.
- Anti-roll bar yakumbuyo, kapena yonenepa kuposa imene ilipo.
- Masipuring'i olimba akutsogolo, pa galimoto zimene mphuno yake imalemera ndi bedi lotsika kuchokera kudenga.
- Masensa a mpweya wa m'matayala oonetsa dalaivala ali paulendo. Sasintha kayendedwe, koma amakuuzani tayala lisanaphulike.

Motorhome zikuluzikulu za ku America za pa chasisi cha Ford F-53 zili ndi mankhwala akeake, monga track bar yakumbuyo ndi chokhazikitsa chiwongolero. Zimene mumawerenga za galimoto zimenezo musazitengere pa Ducato kapena Sprinter.

Ikani chinthu chimodzi, muyendepo, kenako muone ngati chachiwiri chikufunikadi. Dziwaninso kuti matumba a mpweya sasintha manambala a pakachitsulo. Galimoto ikhoza kuoneka yoongoka bwino koma matayala, mabering'i ndi mabuleki akunyamulabe katundu yemwe uja. Kukweza malire mwalamulo kumafuna akatswiri ovomerezeka, kachitsulo katsopano, kusintha mapepala a galimoto, ndipo mukapyola 3,500 layisensi yanu iyenera kulola. A inshuwalansi auzeni chilichonse chimene mwasintha.

## Imani, itanani katswiri

Musapitirize ulendo, ndipo musayese kukonza nokha, mukaona chimodzi mwa izi:

- chiwongolero chili ndi mpata, chikulimba mwadzidzidzi, kapena chikugogoda pokhota
- tayala latupa chithuza, lang'ambika mpaka kuoneka mawaya, kapena likuphwa mobwerezabwereza
- buleki ikulowa pansi, yafewa, kapena galimoto ikukhotera kumbali mukaponda
- rimu imodzi yatentha kwambiri, ikufuka, kapena mukumva kulira kokula limodzi ndi liwiro
- sipuring'i yathyoka, kapena ngodya imodzi ya galimoto yatsika usiku umodzi
- getsi la ABS kapena ESP (zida zoletsa galimoto kutsetsereka) layaka osazima
- mng'alu kapena dzimbiri lobowola pa chasisi, makamaka pamene anawonjezera zitsulo za kumchira ndi pomangirira chokokera
- kayendedwe kasintha mutagwera m'dzenje kapena kugunda china chake
- sikelo ikuonetsa kuti mwapyola malire ngakhale mutatsitsa zonse zimene mungathe

Masipuring'i akutsogolo amakhala opanikizika ndi mphamvu yoti ikhoza kupha munthu, choncho asiyireni amene ali ndi zida zake. Musalowe kunsi kwa galimoto imene yakwezedwa ndi jeke yokha, kapena ndi miyendo yake yowongolera poima. Posankha galaja funsani ngati makina awo onyamulira amakwanitsa kulemera ndi kutalika kwa galimoto yanu, ndipo mupite ndi pepala la sikelo, saizi ya matayala, komanso liwiro ndi mtundu wa msewu umene vutolo limaonekera.

Tayala likaphulika muli paliwiro, phazi limafuna kuthamangira kubuleki. Likanizeni. Gwirani chiwongolero mwamphamvu ndi manja awiri, phazi likhalebe pamafuta kwa kamphindi mpaka galimoto itaongoka, kenako muchotse pang'onopang'ono, yatsani mahazadi, ndipo buleki muyambe kuikhudza liwiro litatsika kale. Mukaima, anthu onse atulukire khomo la kutali ndi magalimoto odutsa n'kukaima kuseri kwa chitsulo chotchinga msewu. Ngati tayala lophulikalo lili mbali ya msewu, kapena pansi m'pofewa moti jeke ingalowe, itanani okoka magalimoto, ndipo muwauze kulemera, kutalika ndi msinkhu wa galimoto yanu kuti abwere ndi thiraki yokwanira.